Kwa mphwanga amene wayamba kugwira naiti

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti Lamlungu lapitali unagona m'tchalitchi, mutu uli paphewa la munthu amene sukumudziwa n'komwe, ndipo iwo anachita manyazi kwambiri. Ine ndinaseka, mlongo wanga n'kukwiya. Ndinawapempha kuti asakudzudzule, andisiyire ine, pakuti kulangiza mwana ndi ntchito ya malume, komanso njira imene wayamba kuyendayi ine ndinaiyenda mpaka nsapato kutha. Anthu akukuitana kuti adokotala tsopano, ndipo sakunama, pepala uli nalo. Koma kwa ine ukadali iwe, ndiye khala pansi umve.

Ndiyambe ndi nkhani imene amayi ako sindinawauzepo. Ndinali ndikadali watsopano pantchito, pachipatala china chimene sindichitchula, m'nyengo ya dzinja malungo atavuta. Wodi ya ana inali yodzaza, ana awiri kapena atatu pabedi limodzi, magadiyani atayala zitenje pansi mpaka kusowa popondapo. Ndinali nditayamba ntchito 7 koloko m'mawa wa dzulo lake, ndipo apa inali cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Anabwera ndi mwana akukomoka. Masiku amenewo malungo aakulu tinkachiza ndi kwinini wa m'dripi. Ndinawerengera mlingo, masamu osaphonya ngakhale pang'ono, n'kulemba, n'kusayina. Sista wina wachikulire, amene anayamba kugwira naiti ine ndikadali ku pulayimale, anatenga pepalalo. Analiyang'ana, nayang'ana mwana, kenako nandiyang'ana ine. Anangoti, "Adokotala, mwana uyu ndi wa makilo 8. Wa makilo 18 ndi uja munamuona poyamba."

Mwanayo anachira, chifukwa mankhwala amene ine ndinalemba sanalowe m'thupi mwake. Koma chimene chimandizizira nkhongono mpaka lero n'chakuti pa nthawi ija sindinkamva kutopa. Ukanandifunsa ndikanalumbira kuti ndili bwinobwino. Kutopa kumachita ngati mowa, kumayamba kukubera nzeru zodziwira kuti zinthu sizili bwino. Ndipo kufanizira ndi mowaku si kwanga ayi. Mu 1997, akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anayeza anthu osagona n'kuwayerekeza ndi anthu omwa mowa. Anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amagwira ntchito ngati amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti. Usiku uja ine ndinali pa ola la 21. Dokotala akabwera pawodi akununkha kachasu timamuthamangitsa, koma akabwera asanagone usiku wonse timamuyamikira kuti ndi wolimbikira.

Zimene zimachitika m'thupi unaziphunzira, mwinanso unakhoza bwino mayeso ake, koma ndikukumbutse pakuti kudziwa za m'buku n'kwina, kuzimva m'mafupa n'kwinanso. Muubongo muli wotchi imene imayendera kuwala. Kukada imalamula kuti melatonin atuluke, thupi limazizira pang'onopang'ono, ndipo pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha zonse zimakhala zitatsikiratu: maso, manja, kukumbukira zinthu, ngakhale kuleza mtima. Wotchi imeneyi ili mpaka m'ntchentche. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofukula mmene imayendera, ndipo anaiphunzira pa tintchentche ta pa zipatso. Ngati kantchentche kamamvera wotchiyo, digiri yako ya ku Blantyre siingaiuze zochita. Pambali pa wotchiyo palinso adenosine, amene amaunjikana muubongo ola lililonse limene uli maso, ngati ngongole ya kugolosale. Khofi amangotseka khomo kuti wangongoleyo asalowe, koma iye amakhala panja pomwepo akudikira, ndipo chiwongoladzanja chikukwera.

Ndikamva za zipatala za kunja masiku ano, kumene dokotala wogwira naiti amatha kupatsidwa mlangizi wa kasamalidwe ka moyo, amene amamutcha kochi ngati wa mpira, ndimakumbukira sista uja. Ntchito ya kochi wotere ndi kukhala nawe pansi, kukufunsa mmene umagonera, mmene umadyera, zimene umamwa, ngati thupi umaliyendetsa n'komwe, kenako kugwirizana nawe chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti usinthe, n'kudzakufunsanso pakapita masiku. Sista uja sanapite kusukulu ya zimenezo, koma anachita zomwezo. Kutacha, handova itatha, anandiitanira m'kachipinda kawo komwera tiyi. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anatulutsa kope la ana asukulu, lija la masamba ochepa, n'kunena kuti, "Tchati cha wodwala aliyense mumalemba. Nanga chanu akulemba ndani?" Anandiuza kuti kwa milungu iwiri ndizilemba zinthu zinayi basi: ola logona, ola lodzuka, chimene ndadya ndi nthawi yake, ndi makapu a tiyi.

Ndinaona ngati zachibwana. Ndinalemba chifukwa choopa nkhope yawo. Koma milungu iwiri itatha, kope lija linandichititsa manyazi kuposa mawu alionse. Ndikaweruka naiti ndinkagona maola osafika anayi. Tiyi makapu asanu ndi limodzi usiku umodzi, iliyonse masupuni atatu a shuga, kapu yomaliza 5 koloko m'mawa. Nsima ya nyemba 1 koloko usiku. Madzi, osatchulidwa n'komwe. Akanakhala wodwala wanga atabwera ndi tchati chotero ndikanamukalipira.

Nzeru yawo inaonekera apa: sanandiuze kuti ndisinthe zonse. Anati, "Tiyi azithera 2 koloko. Zinazo zisiyeni kaye." Ndinadzamvetsa pambuyo pake chifukwa chimene anayambira pamenepo. Caffeine wa mu tiyi amatenga pafupifupi maola asanu kuti theka lake lichoke m'magazi. Kapu ya 4 koloko m'bandakucha, theka lake likadali nawe 9 koloko pamene ukufuna kugona, ndipo 2 koloko masana ena akadalimobe. Umagona tulo ta pamwamba, galu akangouwa wadzuka, madzulo umalowa naiti uli wotopa kale, ndiye umamwa tiyi wambiri kuposa dzulo. N'chingwe chimene umadzimanga wekha. Tiyi wathu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi wofatsirako poyerekeza ndi khofi, koma makapu asanu ndi limodzi ndi makapu asanu ndi limodzi. Za zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zimene anyamata a masiku ano mumayenda nazo m'matumba a magauni, ndingoti werenga zimene alemba kumbuyo kwa chitinicho, wekha uweruze.

Milungu ina iwiri itapita anawonjezera chachiwiri, ndipo chimenechi ndicho chinandisintha kwambiri. Naiti imayamba masana a tsiku limenelo. Cholakwa cha ambiri n'kudzuka 6 koloko m'mawa monga mwa masiku onse, kupita kubanki, kumsika, kukaona azakhali, n'kulowa ntchito madzulo ngati palibe kanthu. Pofika m'bandakucha amakhala ali maso maola 22. Tsiku loyamba la naiti, gona mpaka thupi likudzutse lokha, zochita zako uthane nazo kum'mawa, ndipo cha m'ma 2 koloko masana, nthawi imene thupi limalemera kale lokha, ugone ola limodzi ndi theka. Ngakhale tulo tisabwere, gona ndithu, nsapato utavula. Ukadzuka usambe, uyende pang'ono kunja kukadawala, udye chakudya chako chachikulu usanalowe pageti.

Za chakudya ndifulumire, pakuti n'zosavuta kumva ngakhale zili zovuta kuchita. Usiku thupi silitha bwino kusamala shuga, ndipo mimba imagwira ntchito mwaulesi. Nsima ya pakati pa usiku imakugwetsa pansi ola limodzi lisanathe, chiwaya ndi mandasi chimodzimodzi. Nyamula nthochi, mtedza wokazinga, dzira lowiritsa, mbatata yophika, ndi botolo lalikulu la madzi. Litsipa lina la m'bandakucha ndi ludzu chabe. Ndipo ukadzuka masana, yenda ndithu mphindi 30, ngakhale kungozungulira bwalo la mpira. Sindikunena zokalipira ndalama ku jimu.

Tsopano za kugona pantchito, zimene m'masiku athu zinali ngati kuba. Mu 1995 bungwe la NASA linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsogolera Mark Rosekind, pa oyendetsa ndege za maulendo ataliatali. Ena anawapatsa mphindi 40 zopumula ali m'ndege momwemo, ndipo iwo ankagona pafupifupi mphindi 26. Amenewa ankakhala atcheru pa nthawi yotera kuposa anzawo osagona. Ngati munthu wonyamula anthu mazana mumlengalenga anamuona kuti akuyenera kutsinzinako, iwe usachite manyazi. Wodi ikadekha, uza namwino komwe uli, tchera alamu mphindi 20, ugone. Usapitirire, chifukwa ukalowa tulo tofa nato umadzuka mutu uli zii, osadziwa kuti uli Lilongwe kapena kumudzi, ndipo chizungulire chimenecho chimatha kukugwira mphindi 15 kapena 30. Akakudzutsa mwadzidzidzi, samba kumaso, yatsa magetsi onse, ndipo chinthu choyamba chimene ulembe wina achiwerenge usanachipereke. Lamulo limene ndinadziikira kuchokera usiku wa kwinini uja ndi ili: pakati pa 3 ndi 5 koloko, mlingo uliwonse wa mwana, insulin, magazi oika munthu, ndimatchula mokweza dzina, makilo ndi mlingo, namwino akumva. Ena ankandiseka kuti ndikuwerenga ngati wa sitandade wanu. Ndinkawasiya aseke.

Manja nawonso amatopa. Singano zambiri zimabaya ife eniake m'maola omwewa, posoka pambuyo pa siza yachitatu kapena pobwezera chivindikiro pa jakisoni. Zikakuchitikira usadikire kuti kuche bwino kapena kuti umalize raundi. PEP, mankhwala oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa msangamsanga, maola 72 asanadutse, ndipo kuyamba m'maola oyambirira ndiye kwabwino koposa.

Koma nkhondo yeniyeni, mphwanga, ili kunyumba, ndipo imeneyi mabuku a azungu sangakuthandize kwenikweni. Kwathu kuno munthu wogona dzuwa lili pamutu ndi mlesi kapena wodwala. Mlonda amadziwa zimenezi, namwino amadziwa, koma kwa dokotala zimanyanya, chifukwa khomo la dokotala ndi chipatala chaching'ono. Wangotseka maso, odi. Ndi amayi a nyumba yoyandikana, mwana watentha thupi. Wagonanso, foni. Ndi msuweni wochokera kumudzi, ali pageti la chipatala ndi agogo, akufuna uwadutsitse pamzere. Kenako a kwaya, kenako uthenga wa maliro a munthu amene unamuona kamodzi uli mwana, ndipo ukapanda kukaonekera akuti sukulu yakudzaza m'mutu. Pamwamba pa zonsezi, denga la malata mu Okutobala, ana akusewera pawindo, wogulitsa masamba akukuwa, tchalitchi cha pafupi chikuyesa zokuzira mawu.

Zina mwa izi uthana nazo ndi manja. Pachika bulangete lakuda pawindo, katani wamba sakwanira, chifukwa kuwala kukangolowa wotchi ija imauza thupi kuti kwacha. Tsekera m'makutu, ngakhale ndi thonje. Ngati m'nyumba muli chipinda chozizirirako, chimenecho ndicho chako masiku a naiti, ngakhale kutanthauze kuyala mphasa pasimenti. Foni izime, kapena isiye pabalaza ndi munthu amene angasiyanitse nkhani yofunika ndi moni. Idya kaphala pang'ono usanagone kuti njala isakudzutse 11 koloko. Koma zina zimafuna pakamwa, ndipo iwe wekha sungathe, chifukwa mwana akakana wamkulu amaoneka wamwano. Pamafunika munthu woima pakhomo m'malo mwako. Ine anandipulumutsa ndi malemu agogo ako. Atamvetsa nkhaniyi, ankakhala pakhonde ndi lichero lawo, aliyense wobwera n'kumuuza kuti, "Wagona. Usiku anali ndi odwala. Mubwere 3 koloko." Palibe amene ankatsutsana nawo. Mawu omwewo ndikananena ine, mudzi wonse ukanamva kuti ndayamba kunyada.

Ukamaliza naiti yomaliza usagone tsiku lonse. Gona mpaka cha m'ma 12 koloko kapena 1 koloko, udzuke ngakhale thupi likukana, utuluke padzuwa, madzulo ugone nthawi imene anthu onse amagona. Ukagona mpaka madzulo, usiku udzangoyang'ana kudenga, ndipo Lolemba udzalowa ntchito ngati wachokera ku America.

Ndamva kuti ukusunga ndalama za galimoto. Zabwino, koma imva izi. Akatswiri a ku Harvard anapeza mu 2005 kuti madokotala ongoyamba kumene ntchito, akaweruka atagwira maola 24 kapena kuposerapo, ngozi zawo za pamsewu zinkachuluka kuposa kawiri. Tulo ta pa chiwongolero sitigogoda. Maso amatha kukhala otsegula ubongo utazima masekondi atatu, ndipo pa liwiro la makilomita 60 pa ola, masekondi atatu ndi mamita 50. Ganiza mamita 50 a msewu wathu 8 koloko m'mawa: ana a yunifolomu, akabaza, amayi osenza mitolo. Kutsegula windo ndi kukweza wailesi sikuthandiza, ndinayesa zonsezo, ndipo tsiku lina ndinadzidzimuka matayala awiri ali m'ngalande. Ukaweruka naiti yovuta kwera minibasi, ugone m'menemo, kondakitala akudzutsa. Apo ayi, gona mphindi 20 m'galimoto momwemo usanalize injini.

Pali misampha iwiri imene ndaona ikugwira anzanga anzeru kuposa ine. Woyamba ndi lokamu. Malipiro ndi ochepa, abale ndi ambiri, fizi ya ang'ono ako ikudikira, ndiye tsiku lako lopuma umakaligulitsa kukiliniki ina. Sindingakuletse, nanenso ndinachita, nyumba imene ndikukhalayi ina mwa njerwa zake ndi za lokamu. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tsiku lotsatira naiti si logulitsa, mtengo wake ngakhale ukome bwanji. Msampha wachiwiri ndi wa m'botolo ndi m'kabati. Mowa umakugonetsa msanga koma umaduladula tulo, umadzuka pakapita maola atatu mtima ukugunda. Ndipo iwe makiyi a kabati ya mankhwala ali pafupi. Zimayamba ndi diazepam mmodzi "kuti ndingogona lero lokha". Ndinaika m'manda mnzanga amene anayamba choncho n'kuthera pa pethidine. Ukaona kuti milungu ikupita tulo osabwera ngakhale wapeza mpata, kapena odwala ayamba kukunyansa, kapena ukulira wekha osadziwa chifukwa, kaonane ndi dokotala mnzako ngati wodwala, ulembetse, ukhale pampando wa wodwala. Usadzilembere mankhwala.

Ndisakunamize kuti nthochi ndi bulangete pawindo zithetsa zonse. Malangizo a mtundu uwu ali ndi malire, ndipo ndimakwiya ndikamva akuluakulu akuwagwiritsa ntchito ngati chophimbira, kumauza mwana amene wagwira maola 30 kuti vuto lake ndi kusadya bwino. Ku New York mu 1984 kunamwalira mtsikana wa zaka 18, Libby Zion, ali m'manja mwa madokotala achinyamata otopa amene anali ndi odwala ambirimbiri usiku umenewo. Bambo ake, Sidney Zion, anali loya komanso mtolankhani, ndipo sanaisiye nkhaniyo. Pofika 1989 boma la New York linaletsa madokotala ophunzira ntchito kupitirira maola 80 pa mlungu, ndipo mu 2003 malire amenewo anafalikira dziko lonse la America. Mu 2004 kafukufuku wa ku Boston anaonetsa kuti madokotala ongoyamba kumene, pa ndandanda yakale ya maola ataliatali, ankalakwitsa zinthu zikuluzikulu kochuluka ndi 36 peresenti poyerekeza ndi pamene maola awo anachepetsedwa. Anzanga amene anapita ku Britain amagwira pansi pa lamulo la maola 48 pa mlungu. Ife kuno ndife ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo miyezi 18 yophunzira ntchito imene wayambayi udzaona masiku amene malamulo onse ndakuuzawa adzakhala nthano. Usiku wina sudzakhala pansi n'komwe. Komabe rosita amalemba ndi munthu, ndipo munthu amauzidwa. Mukaona kuti wina waikidwa naiti zotsatizana zosatha, kapena kolo ya usiku wonse kenako kiliniki mpaka madzulo, pitani limodzi kwa akulu a dipatimenti, mwaulemu, mutanyamula manambala a maola. Apa kope lija limagwiranso ntchito ina: wodandaula pakamwa amamutcha waulesi, koma wobwera ndi tchati amamumvera, pakuti madokotala timaopa zolembedwa.

Ndipo pawodi pako pali sista wina ngati wanga uja, ndikutsimikiza. Amakhala wosalankhulalankhula, wa nsapato zakutha mbali imodzi, amene amadziwa kuti mwana afuna kukomoka iwe usanatsegule fayilo. Umupatse ulemu wake, umufunse mmene wakhalira zaka zonsezi akugwira naiti osagwa. Ukapanda kumupeza, gwirizana ndi mnzako mmodzi wa chaka chako, muzifunsana Lachisanu lililonse mafunso atatu amene sista uja ankandifunsa tikakumana pakhonde la wodi: wagona maola angati, wadya chiyani, upita bwanji kunyumba.

Kope ndakugulira kale, ndapatsira amayi ako pamodzi ndi bulangete lakuda limene linali la agogo ako. Ndawauzanso kuti masiku a naiti asakuimbire foni 3 koloko isanakwane, ndipo Lamlungu lotsatira naiti azikusiya upite mapemphero a madzulo. Anang'ung'udza, koma avomera. Loweruka la mlungu wa mawa ndibwera kudzaona zimene walemba, ndipo makapu a tiyi usabise, ndidzafunsa anamwino.

Ndine malume ako.